Kaseti ya Zuleka

Choyamba kumudabwitsa Zuleka chinali chakuti mabatire anali atatha, koma wailesi ya kaseti inkalankhulabe.

Ankalandira alendo pa hotela ina ku Senga Bay, digiri yake ikuchita nkhungu m'sutikesi. Khomo lotulukira linali limodzi: kukhoza mayeso a ku Lilongwe olowera maphunziro a digiri yachiwiri kunja. Mayesowo ankafuna mawu a Chingerezi aatali, oti ngakhale azungu a pahotelapo ankangopukusa mitu. Choncho anadzijambula pa kaseti: kutchula liwu, kusiya mpata woyankhira tanthauzo, kenako lina. Miyezi yonseyi ankagona nayo kumutu.

Usiku umenewo mwera unali utaleka, nyanja ili zii, ndipo mumdimamo munamveka mawu ake omwe, koma okhuthala ngati a munthu wachimfine, akufunsa liwu. Iye, tulo tili m'maso, anayankha mwachizolowezi. Kutacha, liwu lija analiyang'ana papepala ngati sanalionepo chibadwire.

Usiku wotsatira Molly, wophika amene ankagona naye chipinda chimodzi, anamutsina pamkono.

"Iwe, chokuitana usiku sayankha," ananong'ona. "Unakulira kutchire kodi?"

"Ndi kaseti yanga, asisi."

"Kaseti yako ndinakaitsekera m'chipinda chosungira katundu masana. Inanditopetsa."

Onse anagwira mpweya. Pansi pa bedi chinthucho chinafunsa, modekha. Zuleka anadziluma lilime, koma pakamwa pozolowera panayankha pokha.

Alonda ankati ndi mlendo wina amene anamira chaka cha referendamu. Ena ankati mtsikanayo wawerenga mopyola. Zuleka anathawira kwa azakhali ake ku Lifuwu. Chinamupeza komweko, pakati pa phokoso la achule a m'minda ya mpunga. Anadzimanga chitenje kukamwa. Chinadikira mpaka tulo titamasula mfundo. Liwu lililonse limene wayankha, m'mawa linali litachoka m'mutu mwake. Mawu a Chingerezi atatha, chinayamba kufunsa a chilankhulo cha kwawo.

"Chitseko?"

"Msewu?"

Tsiku la mayeso anafikabe pa depoti ya Salima, maso ali psuu, cholembera m'manja. Kondakitala anamulandira chikwama.

"Tiyeni achemwali, mpando ulipo! Mukutsikira kuti?"

Zuleka anatsegula pakamwa. Mzindawo ankauona bwinobwino m'mutu, mlatho wake, fumbi lake, chipinda cholemberamo mayeso. Dzina lokha ndi limene panalibe.

"Kuti, achemwali? Nthawi ikutha!"

Anamubwezera chikwama chake. Minibasi inadzaza, n'kunyamuka.