Pepala la Ulendo wa ku Dali

Samira anamulakwira Potiphar m'mwezi wa Malichi chaka chatha, ndipo anamuthandiza ndi Dalton, mlonda mnzake wa Potiphar wogona naye chipinda chimodzi.

Samira ndi Potiphar anakumana pa siteji ya basi ku Deira, kudziko la Aluya. Potiphar, mlonda wa pahotela ku Business Bay, imvi zili mbuu, anamva mayi wovala mpango akuyankhula Chichewa pa foni.

"Kwanu n'kuti, chemwali?"

"Ku Mangochi. Inu mukudikira basi kapena ine?"

Samira ankagulitsa nsalu m'sitolo ya mayi wa ku China, wa mtundu wa Abai. Mayiyo ankamusimbira za kwawo ku Dali: nyanja ya Erhai, phiri lalitali, nyumba zoyera, nsalu zonyika mu utoto wabuluu, ndi tiyi wa alendo wobwera katatu, woyamba wowawa, wachiwiri wotsekemera, wachitatu wosachoka pakamwa. Anamuitana kuti akaone yekha.

Uthenga wa Samira unalowa pa foni ya Potiphar: "Habibi, wokondedwa wanga, makapu atatu onsewo ndidzamwa ndi inu nokha."

Potiphar sukulu analekeza sitandade faifi, koma miyezi inayi anakhalira kufunsa ndi kulemba ulendo wonse papepala ndi cholembera chofiira. Lolemba bwato panyanja. Lachiwiri kwa onyika nsalu. Lachitatu tiyi. Kampani yawo inkalola mlonda mmodzi yekha kupita kutchuthi pa nthawi imodzi, ndipo iye analimbira Malichi mpaka anam'patsa.

Tsiku lina Dalton anawatsatira kokadya. Samira anaseka nthabwala zake mpaka misozi. Potiphar chakudya chinamukanika. Iye anamuseketsapo choncho liti?

"Chimakusangalatsa n'chiyani pa ameneyu?" anafunsa akumuperekeza.

"Nsanje, a Poti! Dalton ndi mwana uja. Mtima wanga uli m'thumba la yunifolomu yanuyi."

Kutatsala mwezi, Samira anabwera nkhope ili yakugwa.

"Abwana asintha, tidzapita Okutobala. Pepala lija ndipatseni, inu mutaya."

Sabata yomweyo Dalton anakhala pansi pafupi ndi bedi lake.

"Madala, amayi adwalika ku Zomba. Tisinthane tchuthi, chonde."

Munthu angakane bwanji nkhani ya mayi? Potiphar anasaina.

Dalton atanyamuka, masabata awiri Samira sanayankhe foni. Ankangolemba kuti, "Ntchito yachuluka, wokondedwa. Ndakusowani."

Dalton anabwerako atanenepa. Akutulutsa zovala m'chikwama, pepala lopinda linagwera pa phazi la Potiphar. Inki yofiira. Zilembo zake zomwe, zokhotakhota. Tsiku lililonse linali litachongedwa, ndipo pa Lachitatu anachongapo katatu.

"Amayi ali bwanji?" anafunsa Potiphar.

"Akupezako bwino, madala."

Potiphar anamuimbira Samira pomwepo.

"Tiyi unamwa ndi ndani?"

"Khalas, zatha, a Poti. Inu phiri lija mukanakwera ndi maondo amenewo?" Anadula foni.

Mpaka lero Samira sanapepese. Dalton akugonabe pa bedi lam'mwamba, pamwamba pa Potiphar, atafunda nsalu yabuluu.