Dzina la a Manase Pamwamba pa Fayilo

M'chaka cha 1999, ofesi ya bungwe la alimi a mtedza pa boma la Chadiza inali ndi kompyuta imodzi, ndipo woidziwa anali Ebelesi yekha. Amene anamuphunzitsa, a Manase, anamwalira mu Juni atasiyira ntchito panjira. Ankalemba kachigawo kowonjezera pa chilankhulo cha kompyuta chotchedwa PHP, koti tsamba la pa kompyuta lizionetsa mayina a alimi a ku Zemba ndi ku Mlolo. Kachigawoko kanali malemba chabe. Kankafunika kukakompaila pamanja, kutanthauza kukasandutsa kuti makina akamve.

Abwana sanapite m'mbali: kakapanda kugwira pofika Lachisanu, kompyuta ipita ku Chipata, Ebelesi kwawo. Anamuuzanso kuti afufute dzina la malemu pamwamba pa fayilo, ati dzina la wakufa limaitana mwini wake. Ebelesi anafufuta, n'kulembapo lake.

Lachinayi anzake ataweruka, iye anatsalira mpaka kunja kunada. Analamula makina. Mizere inathamanga pa sikirini, kenako zii. Kompyuta yakana. Anakonza, n'kuyambanso. Yakananso, ikuloza mzere woyamba, pamene panali dzina lake. Izi zinamupsetsa mtima, chifukwa mzere wa dzina makina sauwerenga n'komwe.

Atayesa kachitatu anamva fungo la fodya wopichira. M'ofesimo amene ankasuta fodya ameneyu anali a Manase okha. Kenako mpando wawo wachitsulo, umene unali kumbuyo kwake, unalira, mmene umalirira munthu akakhalapo.

Mantha anamugwira ndithu. Koma Ebelesi anali wamakani chibadwire. Sanacheuke.

"A Manase, ngati ndinu, tamverani. Pamaliro anu ndinatunga madzi masiku atatu. Katundu wanu abale anu anagawana kale. Iyi ndi nchito yanga, muno sinditulukamo."

Mpando unaliranso, pafupi.

Ebelesi anabwezera dzina la a Manase pamwamba. Chala chinafika pa batani loti afufute lake, koma anachibweza.

"Lanu ndabwezera. Langa silichoka. Zomwe munalakwitsa, zisanu ndi ziwiri, ndakonza ndine."

Analamulanso makina. Mizere inathamanga, osaima, mpaka kumapeto. Tsamba linatseguka, alimi a ku Zemba ndi ku Mlolo onse ali ndandanda. Fungo lija linali litatha.

M'mawa mlonda, a Bonifasi, anamuimitsa pageti.

"Amayi, dzulo munali ndi alendo? Ndinasuzumira pawindo, ndinaona abambo atakhala kumbuyo kwanu, akugwedeza mutu."

"Kugwedeza kovomera kapena kokana?"

A Bonifasi anayang'ana pansi. "Sindinadikire kuti ndione bwino."

Kompyuta sinapite ku Chipata. Abwana ataona dzina la malemu labwerera, analamula kuti lichokenso. Ebelesi anawakokera mpando wachitsulo wa a Manase uja, n'kuwauza kuti akhalepo afufute okha.

Abwana anauyang'ana mpandowo kanthawi, kenako anati akuchedwa kumsonkhano.