Kaliyala Yopanda Munthu

Njinga ya Ines inabedwa Lamulungu, Misa ili mkati.

Anaiyedzamiritsa pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi cha ku Msumba, monga mwa masiku onse. Loko inalibe. Ku Msumba palibe amene ankakhoma njinga pa tchalitchi. Anthu atatuluka, dzuwa litakwera kale, pamtengopo panatsala mthunzi ndi mzere wa matayala pamchenga.

"Njinga ili kuti?" anafunsa amayi ake, a Susana.

Ines anangoloza pansi. Mzerewo unalowera kumsewu wa ku Metangula.

Inali njinga yakuda, yakale, ya malemu bambo ake, imene ankanyamulira usipa. Atamwalira, ndiyo inkamufikitsa Ines ku shikola, kusukulu ya ku Metangula. Inamuphunzitsa zambiri njinga imeneyo: kudzuka kusanache, kupinda siketi ndi chitenje cha kapulana, kudya chinangwa ndi dzanja limodzi lina lili pa handulo. Inamuphunzitsanso kusapalasira kumbuyo, poti tcheni chinkagwa nthawi yomweyo. Tsono ezame ya desima, mayeso omaliza a kalasi ya khumi, inali kuyamba Lachinayi.

"Tiye kupolisi," anatero a Susana. "Usayambe kulira, misozi sipalasa."

Anauyamba wapansi. Pakati pa njira pali chigwembe, pomwe msewu umatsika mwadzidzidzi n'kudumpha miyala ya kamtsinje kouma. Pamwamba pake panali a Ireni, amene anali atangoyamba kugulitsa matimati pamenepo chilimwe chomwecho.

"Mana Susana, lero pansi? Njinga yadwala?"

"Yabedwa."

"Iii! Ndiye ndi ija yadutsa apa m'mawa? Ine ndimati ndi mwanayu, koma ayi, anali mwamuna. Chipewa anachikokera mpaka pamphuno."

"Simunamuzindikire?"

"Ndi liwiro limenelo? Koma ameneyo mutu wake sukuyenda bwino. Akutsika apa anafuula kuti, 'Gwiritsa!' Ine kuyang'ana pa kaliyala, palibe munthu. Kaya amauza mizimu."

A Ireni anaseka mpaka kugwira m'nthiti. A Susana anangopukusa mutu. Ines anawerama ngati akuchotsa mwala m'patapata, kuti asamuone nkhope.

Mawu amenewo ankawadziwa.

Reinaldo anali mnyamata wa kugombe, wa m'kalasi mwake. Kwawo njinga kunalibe. A Susana ndi amene anakonza zoti iye azipalasa, Ines azikhala kumbuyo, poti msewu ndi wamchenga ndipo mwana wamkazi angathere mphamvu panjira. Anayenda chomwecho zaka ziwiri. Reinaldo anapinda chiguduli n'kuchimanga pa kaliyala ndi mphira kuti zitsulo zisamamupweteke mnzakeyo. Sankayankhulana kwenikweni. Ines ankagwira malaya ake kumsana ndi zala ziwiri zokha, mwamanyazi. Koma akafika pachigwembe, Reinaldo ankafuula kuti, "Gwiritsa!" Pamenepo ndi pokhapo pomwe Ines ankaloledwa kugwira ndi dzanja lonse. Tsiku lonse m'kalasi ankangodikira chigwembe cha pobwerera.

Kenaka bambo ake a Reinaldo anadwala, iye n'kusiya shikola kukalowa m'bwato. Kuyambira pamenepo Ines ankapalasa yekha. Chiguduli chija anachimasula n'kuchisunga pansi pa mphasa yake. Palibe amene ankadziwa.

Kupolisi anapeza shefi Momade, mkulu wa polisiyo, bambo wamtali wa ndevu za imvi, akudya mtedza. Anamvetsera zonse, ngakhale za wamisala wofuula pachigwembe, zimene a Susana anafotokoza ngati nthabwala. Iye sanaseke. Anayang'ana Ines.

"Menina, mtsikana iwe, ukukayikira ndani?"

"Palibe."

"Woba pa tchalitchi amadziwa nthawi ya Misa. Sachokera kutali."

"Sindikudziwa aliyense, shefi."

"Chabwino. Ukakumbukira ubwere. Koma njinga ikafika ku Lichinga, uiiwale."

Lolemba Ines anapita ku shikola wapansi. Anafika phunziro loyamba litatha, fumbi mpaka m'mawondo. Porofesoro, mphunzitsi wake, anamuitanira pambali.

"Lachinayi geti likatsekedwa, latsekedwa. Wochedwa abwereza chaka."

Kunyumba amayi ake sanazungulire.

"Za kubwereza ine ayi. Ukalephera, thandala la usipa likukudikira."

Madzulo a tsikulo anatsikira kugombe ngati wofuna nsomba. Anapeza amayi ake a Reinaldo akutembenuza usipa pa thandala.

"Reinaldo alipo?"

"Ndiwe Ines? Wakula! Mnzakoyo wapita dzulo ku Maniamba kwa amalume ake, kukasosa munda."

"Wapita pa chiyani?"

"Pa shapa, minibasi ija, akuti. Ndalama yake kaya anaitenga kuti."

Ines anatsanzika. Nsomba sanagule.

Lachiwiri anadzuka kusanache n'kukaima pa mphambano pomwe Reinaldo ankamudikirira kale. Anadziuza kuti abwera. Aibweza. Anali atakonza kale zochita: sadzamufunsa kanthu, sadzauza munthu, adzangokhala pa kaliyala ngati kale. Anadutsa amayi opita kumunda. Anadutsa mnyamata wa motorizada, njinga yamoto, n'kumuimbira hutala. Dzuwa linatuluka kuseri kwa mapiri n'kuyamba kumuwotcha pakhosi. Tsiku limenelo anachedwanso ku shikola.

Lachitatu sanalowe n'komwe m'kalasi. Anapitirira mpaka kupolisi, buku lili m'manja, n'kuima pakhomo osalowa.

"Menina wa njinga," anatero shefi Momade. "Wakumbukira?"

"Ndakumbukira."

"Dzina?"

Linakana kutuluka. Kachiwiri linatuluka motsitsa kwambiri, mpaka shefi anachita kuwerama.

"Ukudziwa bwanji kuti ndi iyeyo?"

"Amene ankamuuza kuti agwiritse ndi ine."

Shefi anatenga chipewa chake.

"Tiye. Njingayo ndiwe ukaizindikire."

Anakwera galimoto ya polisi yapamtetete, wapolisi wina akuyendetsa. Msewu wa ku Maniamba umakwera phiri mokhotakhota. Ines anakhala kumbuyo, nyanja ikucheperachepera pansi pake. Ankapemphera zinthu ziwiri zotsutsana: kuti aipeze njinga, ndi kuti Reinaldo asapezeke.

Anafika masana. Sanavutike n'kufunsa. Pamsika, pafupi ndi sikelo ya chimanga, panali njinga yopakidwa utoto wa buluu, uja amapaka mabwato. Belu anali atalichotsa. Pambali pake panakhala Reinaldo, chipewa chili pamphuno, akukangana ndi wogula chimanga wina, dzina lake Lukmani.

"Njinga iyi ndi ya ndani?" anafunsa shefi.

"Ndi yanga," anatero Reinaldo asanatukule mutu.

"Shefi, mwabwera bwino," analowerera Lukmani. "Mnyamata uyu ndi wovuta. Kuyambira Lolemba tikugwirizana mtengo, ndikatulutsa ndalama akuti mawa. Lero akutinso mawa. Ukugulitsa njinga kapena mkazi, iwe?"

Anthu anaseka. Reinaldo anatukula mutu kuti ayankhe, ndipo anamuona Ines. Pakamwa pake panakhala potsegula.

Ines sanayang'ane iye. Anayang'ana kaliyala. Panali chiguduli chatsopano, chopindidwa kanayi, chomangidwa ndi mphira. Mfundo yake inali kumanzere, kuti isamakande mwendo wa wokhalapo. Munthu wogulitsa njinga safunika kuika chiguduli. Munthu woyenda yekha safunikanso.

"Ndi imeneyi?" anafunsa shefi.

"Ndi imeneyi."

"Yako inali yakuda."

"Pondani pedulo mobwerera kumbuyo."

Shefi anaponda ndi nsapato. Tcheni chinagwa, kwacha! Reinaldo anagwada nthawi yomweyo, asanaganize, n'kusolola kamtengo kamene kankakhala pansi pa chishalo. Anali atakoleka kale tcheni theka pamene anazindikira chimene akuchita. Anasiya. Anakhala chogwada, manja ali bii ndi girisi.

"Imirira," anatero shefi. "Manja kumbuyo."

Unyolo unalira. Lukmani anabwerera m'mbuyo.

"Ine sindinagule, shefi. Anthu onsewa ndi mboni."

"Ukanagula ukanakwera nawo. Pita ukayeze chimanga chako."

Akumutengera ku galimoto, Ines anapeza mawu.

"Bwanji sunangopempha?"

"Ukanandipatsa."

"Ndikanakupatsa."

"N'chifukwa chake. Ndimafuna ndalama ya ulendo wa kumigodi ya golide. M'bwato mulibe kanthu, Ines. Abambo mankhwala atha. Ndimati ndikabwerako ndikugulira yatsopano, ya magiya."

"Ezame ndi mawa."

"Ndikudziwa. Masiku ndimawerengabe."

"Nanga bwanji sunaigulitse?"

Reinaldo anayang'ana chiguduli chija.

"Zotsalazo ukafotokozera kutsogolo," anatero shefi. "Kwera."

Anaika njinga pakati, chogoneka. Reinaldo anamukhazika pansi, nkhope kuloza kutsogolo. Ines anakhala pa tayala lapadera kumbuyo kwake. Shefi analowa kutsogolo, ndipo galimoto inayamba kutsika phiri.

Mphepo inkakupiza malaya a Reinaldo. Anali omwe aja a yunifolomu, oyera kale, kolala itang'ambika. Ines ankadziwa pomwe panali chigamba, pansi pa phewa lamanja. Nyanja inaonekeranso patali, ikukula pang'onopang'ono. Mawa adzadzuka kusanache, adzapinda siketi, adzafika geti lisanatsekedwe. Pa mphambano sipadzakhala munthu, mawa kapena tsiku lina lililonse.

Pa khona lina anaona dzenje lalikulu kutsogolo, pomwe madzi anadula msewu. Woyendetsa sanachepetse liwiro.

"Gwiritsa!" anafuula Ines.

Mawuwo anatuluka okha. Reinaldo anagwedeza mapewa, unyolo n'kulira kumsana kwake. Analibe chogwirira.

Ines anatambasula dzanja n'kugwira malaya ake, osati ndi zala ziwiri, koma ndi dzanja lonse. Galimoto inagwera m'dzenjemo n'kutuluka. Msewu unasalala.

Sanamusiye mpaka pa geti la polisi, pomwe shefi Momade anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kunena motsitsa kuti, "Menina, musiye tsopano. Tenga njinga yako."