Tsiku Limene a Sajeni Anakana Mawu Okoma

Anakumana pa siteji ya basi, mvula itangokata. Mnyamatayo anali msilikali, nsapato zake zikuwala ngati kalilole. Mtsikanayo anali mphunzitsi watsopano, atakumbatira mulu wa makope a ana.

"Achemwali, maso anuwo akhoza kuimitsa nkhondo," anatero msilikali.

"Ndiye kawauzeni akuluakulu anu andilembe ntchito. Ndipo chotsani phazi lanu pa chikwama changa."

Ine ndayenda, abale anga. Ndinayamba ndi wilibala, lero ndege ndimakwera ngati minibasi, ndipo maukwati a anthu olemera ndadya nawo m'mizinda yakutali. Koma banja ngati limene linabadwira pa siteji paja sindinalionepo.

Tsiku la ukwati msilikali uja analonjeza anthu akumva: "Mkazi wina sindidzamuyang'ana. Ngakhale chakudya cha m'manja mwake sindidzalawa."

Anakwezedwa nakhala sajeni, dzina n'kumamatira. Akazi awo aliyense ankangowatchula Aphunzitsi. Ankasamuka kampu ndi kampu, makatoni osapuma. Akafika malo atsopano, Aphunzitsi ankayamba afunsa tchalitchi, kenako sukulu, msika pomaliza. A Sajeni akapita kunkhondo, iwo ankagwada m'mawa uliwonse, akadzuka n'kukagwira choko, misozi osaionetsa. Ana a akuluakulu a asilikali ankanjenjemera akamva nsapato zawo pakhonde. Zonyengerera m'nyumbamo zinali za a Sajeni. Ntchito ya Aphunzitsi inali kupemphera ndi kukonza zolakwika.

Anakalamba limodzi, anaona adzukulu, mpaka ananyamula ana a adzukuluwo.

Kenako m'mawa wina Aphunzitsi atabweretsa tiyi, a Sajeni anawayang'ana mwaulemu.

"Pepani mayi, mukufuna ndani m'nyumba muno?"

Adokotala anati ndi matenda oiwala a ukalamba. M'mutu mwa a Sajeni zaka zinabwerera m'mbuyo. Mkazi wawo anali mtsikana wa makope uja, ndipo gogo wa imvi uyu anali mlendo. Chakudya chake anakana, poti lonjezo ndi lonjezo. Tsiku lililonse ankavala jekete n'kupita pa siteji kukadikira mphunzitsi wawo, akutafuna kabuledi kouma kogula pagolosale. Thupi linayamba kutha.

Kodi mkazi angalimbane bwanji ndi mkazi mnzake amene ali iye mwini?

Mwana wawo wamkulu anabwera nkhope ili gwa.

"Amayi, bambowa atifera pamsewu. Ndapeza malo kunyumba yosamalira asilikali okalamba. Kumeneko anamwino ndi a yunifolomu, adzawamvera. Loweruka ndikubwera ndi galimoto."

"Nkhondo inalephera kundilanda mwamuna, ndiye undilande ndiwe?"

"Akadya, ndiwasiya. Akapanda kudya, Loweruka."

Mdzukulu wawo wina, wobadwa kwa mwana wamkuluyo, mayi wa kamwana kakhanda, anamva nkhaniyi ndipo anatumiza uthenga pa foni: "Agogo, vuto lanu ndi ukali. Mwamuna amafuna kunyengereredwa. Muwatchule bebi, muwagwire dzanja. Ine wangayu ndinamugwira choncho."

Aphunzitsi anavala magalasi, anawerenga kawiri, n'kuyang'ana kudenga. "Ambuye, mundikhululukire. Ndikuchitira banja."

Anayesa m'mawa mwake, mbale ili m'manja.

"Bebi, idyani pang'ono."

A Sajeni anasuntha mpando. "Khanda lili kuti?"

"Ndinu, wokondedwa wanga. Mtima wanga umagunda chifukwa cha inu."

"Ngati ukugunda kwambiri pitani kuchipatala, mayi. Ine ndili pabanja."

Uthenga wina unafika: "Musafooke agogo! Muwauze kuti ndi dzuwa lanu." Anawauza. A Sajeni anatseka chitseko cha kuchipinda n'kutsamiritsako tebulo. Aphunzitsi anakhala pansi kukhitchini, mbale itazizira pamiyendo, ndipo analira kulira kumene sanalire nthawi ya nkhondo.

Lachisanu masana dzuwa linali loswa mtengo. Aphunzitsi anawatsatira pa siteji ndi botolo la madzi. Anawapeza pabenchi, milomo itauma, maso ali pa basi iliyonse yoima.

"Duwa langa, imwani madzi. Chonde, nyenyezi yanga."

A Sajeni anakweza mawu, anthu onse n'kucheuka.

"Mayi inu, mulibe manyazi? Pamsinkhu wanuwo kumatsatira amuna a eni? Mkazi wanga ndi woopa Mulungu, ndi mphunzitsi. Akakupezani pano mudzatchula dzina la agogo anu."

Kondakitala wina anaseka. "Agogo, akukanani. Yesani ine, ndilibe mwini."

Apo ndi pamene uchi unathera. Aphunzitsi anaika botolo pansi, anawongola msana, ndipo mawu amene ankaletsa phokoso la sukulu yonse anatuluka.

"Iwe kondakitala, tseka pakamwa, ukatsuke khosi lakolo. Ndipo inu a Sajeni, imirirani! Taonani mabatani, lina kumwamba lina kunsi, ngati mwana wa kalasi yoyamba. Nsapato zimenezi mwapukuta liti? Msilikali wa dziko liti amakhala pamsewu ndevu zili nyankhalala? Ndakutsatani makampu onse, ndakupemphererani mpaka maondo kuchita zikang'a, lero muzindichititsa manyazi pamaso pa makondakitala? Imwani madziwo, ndisabwerezenso!"

A Sajeni anali ataimirira kale, zidendene pamodzi, manja m'mbali. Anawayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Aphunzitsi?"

"Nanga ndi ndani wina angakupirireni?"

"Munali kuti nthawi yonseyi, mayi wa ana anga?" Anatola botolo n'kumwa mpaka madzi kutsikira m'jekete. Kenako anatsitsa mawu. "Kunyumba kwabwera mzimayi wina. Akunditchula bebi. Ndamukana, Aphunzitsi. Ngakhale tiyi wake sindinalawe."

Aphunzitsi anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Mwachita bwino. Tiyeni, ndikamuthamangitse ndekha."

Anthu pa siteji anawomba m'manja, kondakitala uja akudzigwira khosi.

Matendawo sanathe, ayi. Mutu wa a Sajeni unkasocherabe. Koma tsopano Aphunzitsi anadziwa khomo lolowera.

Loweruka mwana wamkulu anaimika galimoto pabwalo. Asanagogode anamva mawu kuchokera m'chipinda chodyera.

"Khalani bwino pampando. Mbale imeneyo ithe, ndikufuna ndione pansi pake."

"Ikutha, Aphunzitsi. Koma mukakalipa mumakongola, mukudziwa?"

"Osalankhula chakudya chili m'kamwa."

Mwana uja analowa n'kupeza bambo ake atameta, mabatani ali m'malo mwake, akupempha kuti awawonjezere. Anaima pakhomo, makiyi ali m'manja, osadziwa kuti aseke kapena alire.

Amayi ake sanacheuke n'komwe.

"Galimoto yakoyo ibwerere mmene yabwerera. Msilikali uyu mkulu wake alipo. Ndipo ukamuuze mwana wako uja asiye kunditumizira zamanyazi pa foni."

A Sajeni anamuyang'ana mlendoyo, kenako anamukodola ndi supuni.

"Achimwene, mwakwatira?"

"Eya, bambo."

"Pepani. Wabwino ndinatenga kale ine."