Anapiye Pakhonde la ku Kabulonga

Becky anamva njinga yamoto ikuliza hutala pageti, ndipo anatuluka m'nyumba akukoka mapatapata, nkhope ili ndwii ngati wadzutsidwa kuti akagwire ganyu. Linali Loweruka m'mawa, m'mwezi wa Juni, mphepo ikuwomba yolowa mpaka m'mafupa. Amayi ake anali atapita ku Woodlands kuphwando lolangiza mkwatibwi, ndipo anamusiyira ntchito imodzi yokha: kulandira thumba la chakudya cha galu lomwe anaitanitsa kushopu ina ya m'tauni yogulitsa zakudya ndi mankhwala a ziweto. Koma kwa mwana ameneyu wa ku Kabulonga, dera la anthu olemera, ngakhale kuyenda kuchoka pampando kufika pageti inali ntchito yodandaula nayo.

Wanjingayo anamasula katoni yotakata yokhala ndi timabowo m'mbali, anamupatsira m'manja, nathamangira kwina osavula ndi chisoti chomwe. Becky anadabwa ndi kupepuka kwake. Asanafike pakhonde, katoni ija inayamba kulira.

Anaiika pansi mofulumira n'kutsegula. M'katimo munali anapiye achikasu okhaokha, oswedwa dzulo lake, odzaza mpaka m'makona, onse akulira piye! piye! Pachivindikiro anamatapo kapepala kokhala ndi nambala ya foni ya shopuyo m'zilembo zikuluzikulu, ndipo m'munsi mwake munali dzina la mwini katunduyo: Salifyanji Nakazwe, Chelstone.

Becky anawerenga dzinalo kawiri, kenako anaseka chikhakhali yekhayekha.

Salifyanji anali mnzake wa m'kalasi, ngati mawu oti mnzake angagwire ntchito pamenepa. Kwa Becky, anthu a pasukulu anali amitundu iwiri basi: otsika m'galimoto ndi otsika m'minibasi. Salifyanji anali wa m'minibasi. Kwawo ankaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi yozizira juzi yake inkamveka utsi wa mbaula yofunditsira anapiye. Becky anamupatsa dzina loti Nankhuku, ndipo akamadutsa pafupi naye ankagwira mphuno kuti ena aseke. Chomwe chinkamuwawa kwambiri n'chakuti Salifyanji sankakwiya. Ankangomuyang'ana, n'kubwerera ku masamu ake, omwe ankakhoza kuposa kalasi yonse.

Nthawi yomweyo Becky anaimbira Destiny, mnzake wokhala naye desiki imodzi.

"Iwe Destiny, uziba chamene chabwela pano? Tunkuku twa Nankuku! Ba shopu basokoneza, batuleta kwatu!"

"Wanama iwe!" anatero Destiny akuseka. "Manje uzachita bwanji? Batumile foni babwele batenge."

"Nibatumile foni ine? Awe. Nizatusunga mpaka pa Mande. Nizabwela natwo ku asembule, nimupase pamaso pa bonse, ati madamu, landilani abale banu."

Destiny anasekanso, koma kuseka kwake kunafupika. "Koma Becky, tuja tuli na moyo, ka. Si nsapato."

"Nkuku ni nkuku chabe, mwandi. Zimagona pabwalo mu komboni monse, zimafa?"

Anali asanaike foni pansi pamene inaliranso. Anali bambo wa kushopu kuja, ndipo mawu ake ankamveka kuti wathamanga.

"Madamu, ndine Norbert, ku shopu ya viweto. Pepani maningi, tasintanisa katundu. Chakudya cha galu wanu chayenda ku Chelstone, tunkuku twa ku Chelstone twabwela kwanu. Wanjinga abwelela manje manje azatenge."

Apa zonse zikanathera pomwepo. Becky ankangofunika kunena kuti chabwino, n'kudikira pageti. Koma asembule ya Lolemba, msonkhano wa ana onse pasukulu, inali itamukomera kale m'mutu, ndipo bodza linatuluka mosavuta ngati malovu.

"Nachoka panyumba, nili ku Woodlands. Geti ni yokiya. Mubwele pa Mande."

"Madamu, tunkuku utu situngafike Mande! Na mpepo iyi, chonde napapata, uzani aliyense ali panyumba atungenese mukati pamene pali potuma, posazizila, chifukwa..."

Becky anatsonya, anadula foni, n'kuithimitsiratu. Kulamulidwa ndi munthu wogulitsa chakudya cha nkhumba kunali kumuchepetsa.

Kulowetsa katoniyo m'nyumba sanakuganizire n'komwe. Kapeti ya amayi ake inachokera kunja, ndipo fungo la Chelstone silikanaloledwa kuipondapo. Anaikankha ndi phazi mpaka kumapeto kwa khonde, mbali yopanda dzuwa, pamatailosi ozizira ngati madzi a m'furiji. Chivindikiro anachisiya chotsegula pamene chinagwera. Iye analowa, anadzipangira tiyi wamkaka, anadzikulunga m'bulangete lofewa, n'kuyatsa wailesi yakanema.

Kunjaku anapiye analira kwambiri, kulira kosalekeza kobaya m'makutu. Becky anadzuka, anatseka zenera, anakweza mawu a kanema. Dzuwa litapendeka anazindikira kuti phokoso lija lachepa, ndipo anakondwa poganiza kuti tizilomboto tagona.

Chakumadzulo kunamveka kugogoda pageti, kugogoda kwaulemu kwa munthu wosazolowera mageti aakulu. Becky anasuzumira pakampata. Panja panaima mayi wamfupi wovala chitenje ndi juzi yakale, thumba lalikulu lili pamutu. Pambali pake panali Salifyanji, atanyamula dengu lokhala ndi kabulangete.

Mtima wa Becky unadumpha ndi chimwemwe. Lolemba linali labwera lokha pakhomo. Anayatsa foni, anatsegula kamera, kenako anatsegula geti pang'onopang'ono ngati mwini nyumba weniweni.

Salifyanji anadzidzimuka. Pathumba panali dzina la amayi a Becky ndi nambala ya nyumba basi, choncho sankadziwa kuti akubwera kwa yani.

"Becky? Ni kwanu kuno?"

"Eya, ni kwatu. Ati bwanji, Nankuku? Wasoba njila ya ku Chelstone?"

Mayi uja anatula thumba pansi mosamala, anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, ngakhale kunali kozizira chotero. Dzinalo analimva, koma anachita ngati sanalimve.

"Muli bwanji, mwana wanga? Ndine Bernadette, bamake Salifyanji. Ba shopu bakamba ati foni yanu siingena, ndiye taona kuti tibwele chabe teka. Ichi chakudya cha galu wanu, sitinasegule. Takwela nacho mabasi yabili, kondakitala afuna kutisiya pa siteshoni." Anaseka pang'ono. "Tunkuku twatu tuli kuti? Mbaula nasiya iyaka kuchokela kuseni, tambala atangolila."

"Tuli uko," anatero Becky, akuloza ndi chibwano. Ananyamula foni m'mwamba n'kuwatsatira, akumwetulira, mawu achipongwe ali okonzeka palilime.

Salifyanji ndiye anayamba kufika pakatoni. Anaima chilili. Dengu linamupulumuka n'kugwa.

Anapiye onse anali ataunjikana pakona imodzi, ena pamwamba pa anzawo, pofunafuna kutentha. A pamwamba ankanjenjemera, maso ali otseka, milomo ikuyasama popanda mawu. A pansi anali ataphwanyika, timiyendo tili tolunjika, ubweya wawo utanyowa n'kumamatira. Mbali yonse yotsala ya katoni inali yopanda kanthu.

"Mayo!" analira ba Bernadette, nagwada pamatailosi paja. Anamasula juzi, anayamba kutola amoyo mmodzimmodzi, kuwauzira mpweya wa m'kamwa, n'kuwalowetsa pachifuwa m'kati mwa bulauzi. Salifyanji anagwada pambali pawo, akufukula muluwo ndi zala, kusiyanitsa opuma ndi osapuma. Osapumawo ankawaika pachivindikiro, ndipo posakhalitsa chivindikirocho chinadzaza.

Foni ya Becky inali ikujambulabe. Mawu achipongwe aja anawaiwala. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamva mmene mphepo ya pakhondepo inkalumira.

"Nenze niganiza kuti twagona," ananena motsitsa. Kenako anayesa njira yomwe kwawo inkatsegula zitseko zonse. "Ba anti, osadandaula. Ba mami bakabwela bazalipila vonse."

Salifyanji anadzutsa mutu. Aka kanali koyamba Becky kumuona atakwiya, ndipo sanakuwe ayi.

"Ba Norbert bakamba ati unabauza kuti suli panyumba."

Becky anayang'ana pansi.

"Wenze muno mukati? Wenze kutumvela tulila?"

"Nenze nifuna chabe... pa Mande..." Anasiyira pomwepo. Ataitulutsa pakamwa, nzeru ija yomwe m'mawa inkaoneka yokoma inamveka yonyansa ngakhale kwa mwini wake.

"Pa Mande chani?" anafunsa Salifyanji. Anayang'ana foni ili m'dzanja la Becky, ndipo anamvetsa zonse popanda kuuzidwa. "Oho. Wenze ufuna bantu baseke. Kopa na foni yako, mwandi. Kopa bwino, ubaonese bonse vamene wachita. Ine kununka nkuku sininamvelepo nsoni."

"Salifyanji, leka," anatero ba Bernadette osadzutsa mutu. "Tiye, utu tulipo tufunika mulilo."

Anaika otsalawo m'dengu, anawafunditsa kabulangete, ndipo dengulo silinafike ndi theka lomwe. Anali atadikira anapiyewa milungu yambiri chilembetsereni, khola atalitsuka, utuchi atawaza. Pageti mayiyo anacheuka, anayang'ana Becky kuyambira kumutu mpaka kumapazi. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Munali chinthu china chowawa kuposa mkwiyo, chomwe Becky ankachidziwa bwino chifukwa ndi mmene iye ankayang'anira anthu ena.

"Nyumba ikulu so," anatero mayiyo, "yasoba kakona kamozi kotuma."

Anatuluka, geti linatsekeka.

Becky anatsala yekha ndi chivindikiro chija. Manyazi anamugwira. Anafufuta kanema uja, koma kufufutako sikunachotse kanthu pakhondepo. Anagwada kuti anyamule chivindikirocho akachibise amayi ake asanabwere, ndipo ndi pamene anaona kamwendo kamodzi kakugwedezeka pansi pa anzake.

Mtsikana yemwe ankagwira mphuno anapisa dzanja pakati pa anapiye akufa. Anakatulutsa kamwanapiyeko. Kanali kozizira, kopepuka ngati thonje, koma pachifuwa pake pankagunda chinachake chaching'ono. Anakauzira mpweya monga anaonera, anakalowetsa m'kati mwa juzi yake yodula, nathamanga. Patapata limodzi linatsala pageti ndipo sanalibwerere.

"Usafe, napapata, usafe," ankanong'ona akuthamanga m'mbali mwa mipanda italiitali ya ku Kabulonga, alonda a m'mageti akumuyang'ana modabwa.

Anawapeza pamalo okwerera basi. Minibasi inali itaima kale, kondakitala akumenya chitseko n'kumakuwa, "Tauni! Tauni! Babili chabe!" Ba Bernadette anali atalowa, dengu lili pamiyendo. Salifyanji anali ndi phazi limodzi m'kati.

"Salifyanji! Imilila! Kamozi kali moyo!"

Salifyanji anatsika. Becky, akupuma wefuwefu, anatulutsa kamwanapiye kaja n'kukaika m'manja mwake mosamala ngati dzira. Salifyanji anakatembenuza, anakagwira pachifuwa ndi chala. Kamutu kake kanalendewera pambali.

"Kafa," anatero.

"Awe, gwila bwino! Kali kotuma, ona!"

"Uko ni kutuma kwa tupi yako iwe." Salifyanji anakabwezera m'manja mwa Becky n'kumupinda zala kuti akagwire. Mawu ake sanalinso aukali, anali otopa chabe. "Kuseni kukanakwana twonse."

Anakwera, chitseko chinatsekeka, minibasi inanyamuka. Becky anaima pamenepo, phazi limodzi lili pafumbi, akumva kamwanapiyeko kakuzizira m'manja mwake.