Abwana Akudikira Diski

Namawaya anatuluka muofesi maminibasi atasiya kale kuyenda, chikwama atachikolekera kutsogolo ngati khanda, ndipo chitseko anachimenyetsa dala. Dzina lake lenileni linalipo, koma pakampani yojambula mapulani a nyumbayo palibe ankalikumbukira. Munthu woti umangomuona miyendo yokha, thupi lonse lili kunsi kwa desiki akulondola mawaya a makompyuta, ungamutchule kuti chiyani?

Tsikulo linali Lachisanu, ndipo linacha bwinobwino. Paja chakudza sichiimba ng'oma. Chakumasana wina anatsegula uthenga umene sankayenera kutsegula, vairasi n'kulowa. Inayenda pa netiweki, kompyuta ndi kompyuta, ikutseka fayilo iliyonse imene yapeza, moti pofika madzulo panalibe pulani ndi imodzi yomwe yotseguka. Inalowanso mu seva, kompyuta yaikulu yosunga ntchito za anthu onse, n'kudyera limodzi ndi diski ya bakapu, yosungira kope la ntchitozo, imene inali yolumikizidwa pamenepo.

Chotsala chinali chimodzi. Namawaya ankasunga madiski a bakapu awiri. Imodzi inkagona kuofesi ikukopera ntchito, inzake inkagona kunyumba kwake, ndipo Lachisanu lililonse ankawasinthanitsa. Ya kunyumbayo anali atabwera nayo m'mawa koma anali asanailumikize. Ntchito yonse ya kampaniyo, mapulani a zaka ndi zaka, inali itatsala m'kabokosi kakang'ono ngati sopo, m'chikwama mwake.

"Ilumikizeni," anatero abwana, eni kampaniyo, ataima pakhomo la kachipinda ka seva, tayi atamasula. "Mapulani a sukulu aja akufunika Lolemba m'mawa. Ndikufuna ndiwaone ndi maso angawa usiku uno."

"Bwana, m'nyumba muno muli matenda. Ndikailumikiza pano nayonso itsekeka, ndiye tonse tizikagulitsa tomato. Ndilekeni ndikaikopere kaye pakompyuta yabwino kunyumba, mawa ndifufute makina onsewa, kenako tibwezeretse."

"Diskiyo ndi ya kampani, si ya amayi anu."

"N'chifukwa chaketu sindikupatsani."

"Mukatuluka nayo pakhomopo, musadzabwerenso."

Anatuluka nayo. Tsopano ankayenda mumsewu waukulu akulankhula yekha, kuwayankha abwana mawu onse amene anaiwala kunena ali pamaso pawo, ndipo mayankho a panjirawo ndiwo anali okoma. Anadutsa masitolo otseka, alonda atadzikuta mabulangete m'makonde. Anadutsa pomwetsera mafuta magalimoto, pomwe mnyamata wina anamuimbira likhweru, iye n'kumuyang'ana kamodzi kokha, likhweru n'kuthera panjira. Foni inkangonjenjemera m'thumba. Abwana. Anaisiya. Inayambanso. Abwana. Anatumizira mkulu wake uthenga kuti asakhome chitseko, kenako foniyo anaizimitsa.

Njira yachidule yopita kwawo inkapatuka pamsewu waukulu, n'kutsata mpanda wa manda, n'kutsikira pamlatho wopapatiza. Masana ankaiyenda osaganiza n'komwe. Usiku anali asanaiyendepo. Anaima pamphambano pang'ono, n'kudziseka. Munthu wakanira abwana pamaso, angaope anthu ogona? Anakhota.

Magetsi a mumsewu anathera pamene mpandawo unayambira. Kutsogolo kunali mdima wandiweyani, kuwala kokha kunali kwa nyumba za kutsidya, kutali. Mitengo ya kumanda inkawerama pamwamba pa mpanda. Agalu amene ankauwa kumbuyo analeka onse nthawi imodzi, ngati wina wawazimitsa. Kunangoti zii. Ankangomva nsapato zake ndi mpweya wake.

Kenako anamva foni ikuitana.

Anagwira thumba. Yake inali yozima. Imene inkaitanayo inali ya kalilidwe kakale, kaja ka mafoni a mabatani, ndipo inkachokera kutsogolo. Munthu ankabwera, akuyenda mofulumira, mutu atazyolika. Namawaya anapatukira kumbali kuti adutsane. Munthuyo atafika pafupi anaima, n'kutembenuka, n'kuyamba kuyenda naye limodzi.

"Mwalakwa njira," anatero bamboyo. "Ofesi ili kumbuyoku."

Mawu ake anali aulemu, otopa. Anali wamtali, wowonda, atavala shati ya mikono yaifupi yokhala ndi chizindikiro cha kampani yawo pathumba, koma chojambulidwa mwamtundu wina umene Namawaya anali asanauonepo. M'dzanja lamanzere anakulunga chingwe cha diski, kumapeto kwake kulibe kanthu. Foni m'thumba mwake inkaitanabe, iye osaiyankha.

Mantha amene anayamba kumugwira Namawaya anasanduka ukali. Ndiye kuti abwana afika potumiza munthu kuti amutchingire kutsogolo? Mwina ndi mmodzi wa madalaivala a kumalo omanga, amene iye sankawadziwa onse.

"Akutumani?" anafunsa. "Kawauzeni kuti mwandisowa."

"Abwana akudikira."

"Adikire. Mpando ali nawo."

"Sagona akapanda kuona. Kungolumikiza basi. Sizichedwa."

"Kuthamanga si kufika, bambo. Ndati mawa."

Anawonjezera liwiro. Bamboyo sanaoneke kuti wafulumira, komabe anali pambali pake, phewa ndi phewa. Namawaya anazindikira chinthu chimene sanachikonde. Pansi panali timiyala. Nsapato zake zinkalira. Za mnzakeyo ayi.

Mwina ndi zarabala, anadziuza. Zarabala sizilira.

Mpanda wa manda unatha. Njira inayamba kutsetsereka. Kunkamveka madzi. Kuzizira kunabwera, osati kwa mphepo, koma kochokera mbali imodzi yokha, mbali ya bamboyo. Mkono wa Namawaya unachita tsemwe kuyambira paphewa mpaka kuzala.

"Ndipatseni ineyo," bamboyo anatero. "Ndikapereka. Ndatsala pang'ono kufika."

"Kufika kuti? Tikuchokako."

"Ndatsala pang'ono kufika."

Foni ija inasiya. Inayambanso.

"Yankhanitu foniyo."

"Ndikayankha akalipa. Bola ndingofika."

Anaponda pamlatho. Unali wopapatiza, woti galimoto ikamadutsa munthu amakanirira kuzitsulo za m'mbali. Kutsogolo kunatulukira lole, nyali zili ngwee, ikutsika phiri mothamanga. Namawaya anadzikanikiza kuzitsulo, chikwama atachikumbatira. Kuwala kunawamba mlatho wonse. Anaona chithunzithunzi chake chitatalika pansi, chitsulo chilichonse ndi chithunzithunzi chake...

Bamboyo analibe chithunzithunzi.

Anali ataima pakati pa msewu. Sanasunthe. Lole sinaimbe hutala, sinachepetse liwiro. Inadutsa pomwepo!

Fumbi. Utsi. Mdima.

Foni inkaitanabe.

Bamboyo anali pomwe anaima paja. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, ndipo khosi lake linapindika mopitirira pamene khosi la munthu limalekezera. Anayamba kubwera. Namawaya anangokanirira kuzitsulo. Anayesa pemphero, linathera pa mawu oyamba.

"Abwana akudikira..."

Dzanja linatambasuka. Zala zinagwira lamba wa chikwama. Kuzizira kwake kunapyola nsalu, kunapyola bulauzi, kunafika pamtima. Chinakoka. Pang'ono. Kenako mwamphamvu.

Chimene chinamudzutsa Namawaya si kulimba mtima ayi, tisamunamizire. Anali ndi mantha oti akanatha kudzinyowetsa. Chinamudzutsa ndi kukokako. Tsiku lonse anthu ankamukoka, wina akufuna fayilo yake, wina akumuloza chala ngati vairasi anabwera nayo ndi iyeyo m'thumba, abwana akumuopseza. Tsopano ndi ichinso? Anamva magazi akubwerera m'manja. Anakulunga lambayo pamkono n'kukoka nayenso.

"Siyani," anatero motsitsa. Kenako mawu analimba. "Ndati siyani. Ndawakanira amoyo amene amandilemba ntchito, ndiye inu ndinu ndani? Diskiyi sikupita uko usiku uno. Kaya mwachokera kuofesi, kaya mwachokera kuseri kwa mpandawo, yankho ndi lomwelo. Ayi."

Kukoka kunaleka.

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Pankhope pake panalibe ukali. Panali kudabwa, ngati munthu amene wamva chinenero chachilendo.

"Ayi?" anabwereza motsitsa, ngati akulawa mawuwo. "Zimatheka?"

Zala zinamasuka. Namawaya sanadikire kuti aone zotsatira. Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, kukwera chitunda chonse osacheuka, nsapato imodzi n'kutsala m'ngalande. Kumbuyo foni ija inkamvekabe, ikucheperachepera.

Mkulu wake anatsegula chitseko atamanga chitenje m'chifuwa, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato.

"Iwe, akuthamangitsa agalu kapena amuna?"

"Achemwali, musandifunse. Ndiyatsireni magetsi onse."

Mwana wake wamkazi anali atagona pasofa, buku la masamu lili pamimba. Namawaya anamufunditsa, n'kupita pakona pamene panali kompyuta yake yakale, yosalumikizidwa ku netiweki iliyonse. Analumikiza diski. Kanyali kake kanaphethira. Mafoda anatuluka, onse. Anatsegula pulani ya sukulu ija, ndipo inabwera yathunthu, makalasi, zimbudzi, ndi masitepe omwe. Apo ndiye analira, mkulu wake atamugwira paphewa osadziwa chomwe akutonthoza. Anakopera zonse pa diski ina, n'kuitsegulanso kuti atsimikize, ndipo sanagone mpaka kunja kutayera.

Kutacha mantha anachepa, monga amachitira dzuwa likatuluka, ndipo nzeru zinayamba kumunyengerera. Mwina lole inamulambalala. Mwina kutopa. Chimene sichinachepe ndi mkwiyo. Anavala nsapato zina, anasiya diski imodzi m'manja mwa mkulu wake, n'kukwera minibasi yodzera msewu waukulu.

Anapeza abwana ali m'kachipinda ka seva, atakhala pampando wake, malaya adzulo omwe aja, maso ali psuu.

"Mwandichotsa ntchito, ndikudziwa," Namawaya anayamba asanapereke moni. "Koma mapulani anu onse ali moyo, ndawatsegula ndekha. Ndifufuta makinawa lero, mawa ndibwezeretsa, Lolemba mupereka sukulu yanuyo. Ndikatero ndizipita. Chimodzi chokha, bwana. Kunditumizira munthu usiku pamlatho kuti andilande chikwama, zimenezo ndiye ayi. Ndine mayi wa mwana ine."

Abwana anakwinya nkhope. "Munthu uti? Ine sindinatume munthu. Ndinangoimba foni mpaka munazimitsa."

"Wamtali, wowonda. Shati ya kampani ino, koma chizindikiro chake china, chokhala ndi kanyumba m'kati mwa bwalo. Chingwe cha diski m'manja. Foni ikungoitana m'thumba, iye osayankha, akuti mukalipa."

Abwana anagwira m'mphepete mwa tebulo ngati pansi papendekeka.

"Chizindikiro chimenecho tinachisiya kalekale," anatero. "Mlatho wake uti?"

"Wa kumunsi kwa manda."

Abwana atayamba kulankhula, sankayang'ana Namawaya. Ankayang'ana mawaya a pakhoma.

"Tinkamutchula kuti Mapulagi. Ndiye anayala mawaya onsewa, inu musanabwere, mwina mudakali pasukulu. Nayenso ankagona ndi diski kunyumba. Tsiku lina seva inafa madzulo, ine ndili ndi ntchito yoti ndipereke. Anandiuza kuti kwada, abwera nayo m'mawa. Ndinakana. Ndinati abwere nayo pompano, apo ayi asadzabwerenso. Sankadziwa kukana, mwana uja. Ananyamuka wapansi. Lole inamupeza pamlathopo. Diski inaphwanyika, iyenso pomwepo. Tinamuika kuseri kwa mpanda umene munadutsawo."

Namawaya anakhala pansi pa bokosi la mapepala.

"Apolisi atafika," abwana anapitiriza, "anapeza foni yake ikuitanabe m'thumba. Anaiyankha ndi iwowo. Woimbayo ndinali ine, ndipo ndinayamba ndi kukalipa."