Mlongo Wake wa Manase

Basi ya ku Logan inachedwa tsiku limenelo. Kalolaine anaima pa siteji ya kunja kwa koleji, dzuwa la ku Brisbane likumuwotcha ngati analilakwira. Mnyamata wamtali wovala yunifomu ya ulonda anamuyang'ana, n'kumuyang'ananso.

"Nkhope imeneyo ndi ya kwathu ku Tonga," anatero mnyamatayo. "Ha'apai kapena Vava'u?"

"Kwathu ndi ku ofesi ya ziwerengero, m'mwambamo," Kalolaine anayankha mouma.

"Ndiye mundiwerengereko. Mwayi wanga woti nditenge nambala yanu ndi wochuluka bwanji?"

Kalolaine anaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunamupweteketsa. Basi isanafike, nambala inali itapita kale m'foni ya mnyamatayo, dzina lake Manase.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Wadzuka bwanji, duwa langa?" "Ndakuona pa windo, mtima wanga wasiya kugwira ntchito." Loweruka ankamubweretsera nyama ya nkhosa yokulunga m'masamba a koko, n'kumalumbira kuti waphika yekha. Mtsikana amene ankakhalira kuyang'ana manambala tsiku lonse anayamba kumwetulira yekha pa kompyuta. Ndani akanamudzudzula?

Ntchito ya Kalolaine inali yachinsinsi. Koleji inali ndi thandizo lochepa la fizi, ndipo iye ankadyetsa kompyuta mbiri za ofunsira malo kuti ilosere woyenera kumukopa nalo. Polembedwa ntchito analonjeza kuti sadzauza munthu mmene kompyutayo imaganizira. Mayi Petrakis, bwana wake, ananena mosabisa kuti woulula amatuluka tsiku lomwelo. Ndipo ntchito imeneyi ndi imene inkasunga Kalolaine ndi mayi ake odwala impso.

Tsiku lina ali m'mphepete mwa mtsinje, Manase anagwira tsaya.

"Chavuta n'chiyani, wokondedwa?"

"Ndi mlongo wanga Losaline. Wabwera kuchokera ku Auckland, akufuna kuphunzira unamwino pa koleji panu. Fizi yatikulira. Ndingayende bwanji mutu uli m'mwamba, mlongo wanga akutsuka mbale m'malesitilanti?"

Mawu amenewo anamulasa Kalolaine. Kwa Atonga mlongo ndi wolemekezeka kuposa mwamuna aliyense m'banja. Mnyamata wolirira mlongo wake chonchi, akadzakhala mwamuna wako angakusamale bwanji!

"Ndikakuuza, ntchito yanga ili m'manja mwako," anatero Kalolaine motsitsa mawu.

Manase anamugwira dzanja. "Ndikadzakupereka, Mulungu adzandione. Losaline akangolowa, ndikubwera kwa mayi ako ndi amalume anga. Iwe ndiwe womaliza."

Kalolaine anaulula zonse.

"Asiye kutsegula mauthenga a koleji. Asaimbenso foni. Tsiku lodzaona sukulu asabwere. Kompyuta ikaona munthu wachangu imati uyu abwera ndithu, ngakhale tisamupatse kanthu. Thandizo lalikulu limapita kwa wamakhoza bwino amene akuoneka kuti athawira kwina."

"Ndiye wokonda kwambiri amamanidwa?"

"Ndi mmene tinaipangira."

Losaline anachita monga anauzidwa. Kalolaine sanakhudze nambala iliyonse, koma ankatsegula mbiri ya mtsikanayo mobwerezabwereza, mtima uli m'mwamba, akudziwa bwino kuti kompyuta imasunga dzina la aliyense wotsegula. Thandizo linatuluka, lalikulu ndithu.

Kuchokera pamenepo mauthenga anayamba kuuma. "Ndili bize, duwa." Kenako "Mawa." Kenako kachithunzi chabe ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Kalolaine ankadzinamiza kuti ndi kutopa kwa ntchito, popeza mtima wokonda susowa chodzikhululukira.

Tsiku lolandira ophunzira atsopano anamuika pa tebulo lopereka mabaji a mayina, pamodzi ndi mnzake wa mu ofesi, Bronte. Pa kapinga panali utsi wa masoseji ndi phokoso la makolo.

"Si bwenzi lako uyo?" anatero Bronte. "Taona mmene akumukondera mlongo wake. Achimwene anga ine sangandigawire ngakhale chipisi."

Kalolaine anatembenuka. Pansi pa mtengo, Manase anakhala mwendo utagundana ndi wa mtsikana wovala diresi yachikasu. Ankadyera mbale imodzi. Kenako anatambasula chala n'kumupukuta msuzi pamlomo.

Bronte ankaona chikondi cha pachibale, koma Mtonga aliyense akanaona zina. Mnyamata wa kwawo sakhala moyandikana chonchi ndi mlongo wake. Sadyera naye mbale imodzi, salowa ngakhale m'chipinda chake. Kumugwira pamlomo? Ngakhale woledzera sangayerekeze.

Manase atapita kukatenga zakumwa, Kalolaine anamutsekera njira kuseri kwa tenti.

"Uja ndi ndani?"

"Ndinakuuza kale, ndi..."

"Usandinyoze kawiri, Manase. Ndine mwana wa Mtonga ine."

Manase anayang'ana uku ndi uku. Nkhope yokoma ija inagwa ngati chigoba.

"Chabwino. Ndi mkazi wanga. Tinakwatirana ku Auckland."

"Nanga ine ndinali chiyani?"

"Unandithandiza, ndipo ndikuthokoza. Koma usachite zopusa, Kalo. Ukakanena kwa bwana wako, funso loyamba likhala lakuti anaulula ndani. Ganizira mayi ako."

Ananena modekha, ngati akumuuza nthawi ya basi. Anatenga mabotolo ake awiri n'kumapita.

Kalolaine anabwerera pa tebulo. Analira? Ayi, panalibe polirira. Mzere unali wautali, ndipo Mayi Petrakis anali chapafupi akupereka moni kwa makolo. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti Manase sananame pa mfundo yomalizayo. Pakamwa pake anali atadzitseka yekha.

"Losaline Fifita," anatero mawu ofatsa.

Diresi yachikasu ija inali patsogolo pake. Mtsikanayo anawerenga baji ya Kalolaine, maso ake n'kuwala. Anawerama mwaulemu, manja ali pamodzi.

"Ndinu achemwali a Manase! Anandiuza kuti ali ndi mlongo wa kwa bambo ake aang'ono amene amagwira ntchito kuno. Akuti ndi inu munatilangiza. Ndinkafuna kudzakuonani kunyumba, koma iye amangoti ndinu otanganidwa."

Kalolaine anakokera bokosi la mabaji pafupi.

Losaline anayandikira, n'kuika dzanja pamimba pake mwamanyazi.

"Sitinauze anthu ambiri, alamu. Koma inu muyenera kudziwa msanga, poti mwambo ndi wanu. Mlongo wa bambo ndi amene amatcha mwana dzina. Muyambiretu kuganiza labwino."

Chapatali, Manase anaima ndi mabotolo ake, akuyang'ana pansi. Mayi Petrakis anamwetulira kuchokera pomwe anali, posangalala kuona wantchito wawo akucheza bwino ndi wophunzira watsopano.

Kalolaine anafufuza baji m'bokosi, zilembo zikusambira m'maso mwake. Anaipeza, n'kuimangirira pa diresi yachikasuyo ndi manja ake.

"Takulandirani ku koleji," anatero. "Wotsatira abwere."